Kamantolo Kotsiriza ka Che Latif

Lolemba, 7 Julaye 2025, Makawa

Mwera chiyambire dzana. Mabwato onse pamtunda. Ine m'nyumba, pazenera, monga dzulo, monga mawa.

Ndili pa eda. Miyezi inayi ndi masiku ake, mkazi wamasiye osatuluka kumpanda, osacheza ndi mwamuna wakunja. Sindidandaula, ndi lamulo. Koma manja alibe chogwira, ndiye ndatola bolopeni. Zilembozi ndinaziphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya kwacha. Zimayenda ngati nkhuku yothyoka mwendo. Zilibe kanthu, wowerenga ndine ndekha.

Nkhani ndi iyi. Ajira, mwana wanga wamkazi, wandiswera mantolo.

Ndifotokoze bwinobwino, osathamanga. Marehemu amuna anga, Che Latif, anali siginala. Ndiye munthu uja amatsogola yekha pabwato laling'ono ndi nyali, kukaitana usipa kuti a chilimira aponye khoka. Pa nyali zawo zonse inatsala imodzi, tile yamkuwa, yopopa. M'kati mwa galasi lake mumakhala kansalu koyera ngati kasokosi ka khanda. Ndiko kamantolo, ndiko kamawala. Kakayaka kamodzi kamasanduka phulusa loima lokha. Ukangokakhudza, kwatha.

Kanali kotsiriza. Che Latif ankakasamala ngati dzira. Ngakhale ine, mkazi wawo wa zaka zonsezi, sanandilolepo kuyika chala panyaliyo. Ankati, “Abiti Sefu, iyi si poto.”

Lero Ajira wati atsuke zonse pokonzekera arobaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi chimwalirire bambo ake. Wavula galasi, walowetsamo nsanza. Kenako kubwera akumwetulira. Akuti, “Amama, munali ukonde wa kangaude m'katimo, ndapukuta.”

Kangaude!

Sindinamukalipire. Ndangoti tuluka. Ndanena kawiri.

Lachiwiri, 8 Julaye

Tulo tochepa. Phala ndamwa theka.

Anthu adzati nkhalamba ikulirira kansalu. Anene. Iwo aiwala, ine sindinaiwale. Pa Makawa pano panalibe maliro, panalibe sadaka, panalibe kutuluka kwa anyamata a jando, popanda tile ya Che Latif. Munthu akangotsikira kuli chete, wina ankathamanga kudzagogoda: “Che Latif, tile.” Iwo kuvala kofia, kunyamula okha, kukayipachika pamtengo, kukhala pansi pake kuyiyang'anira. Asilamu, Akhristu, sankasankha. Malipiro ayi, palafini yekha.

Sabata yawo yotsiriza, chifuwa chitawagwira, anandiitana. Anati, “Ndaunikira mudzi wonse uno. Pamaliro anga mudzasokonezeka, sindikukakamiza. Koma pa arobaini uyatse tile.” Ndinati ndidzayatsa. Ndinanena pakamwa panga, iwo akumva.

Pamaliro zinachitikadi monga ananenera. Anthu kuunikana kumaso ndi mafoni ngati akusaka mbewa.

Arobaini ndi Loweruka pa 26. Sikiri, mapemphero oimba a usiku, imayamba Lachisanu pa magharibi, dzuwa likangolowa. Apo ndi pomwe tile iyenera kuyaka. Popanda kamantolo ndi chitini chabe.

Ajira akuti, “Komatu pali sola, Amama.” Sola ndi ya Sadik, mwana wanga wa ku Joni. Anatumiza chaka chatha. Chimbale chakuda padenga, batire pakona, mababu atatu, ndi kanyali kena koyenda nako kokanikiza ndi chala. Kuchipinda kwanga ndinakana. Kuwala kwake ngati kwa kuchipatala. Kumaonetsa ming'alu yonse ya khoma ndi makwinya onse a munthu.

Kodi bambo ake anati muyatse sola?

Lachinayi, 10 Julaye

Sadik waimba. Ajira ndiye anamuuza, ndikudziwa. Nkhope yake pafoni yanenepa.

Wayamba bwino, moni, za miyendo yanga, za mpunga wa sadaka umene watumizira ndalama. Kenako nzeru za ku Joni. Akuti, “Amama, n'zosavuta. Mungolowetsa kababu m'galasi la tilemo, waya kumbuyo. Palibe angadziwe.”

Palibe angadziwe. Ndamufunsa kuti tikunamiza ndani, ashehe kapena wakufayo?

Ndiye wanena china chimene chandibaya. Akuti utsi wa nyali zomwezo ndiwo unadya chifuwa cha bambo ake, zaka zonse zija ataweramira palafini panyanja. Akuti asodzi a lero sakhosomola, amangonyamula batire ndi mababu, mphepo siizimitsa, mvula siiswa galasi. Akuti dziko linapita patsogolo.

Lipite. Ine silinanditsanzike.

Mwana ameneyu fizi yake inachokera m'nyali imeneyo. Pasipoti yake inachokera m'nyali imeneyo. Lero ndi imene yapha bambo ake. Astaghafirullah. Ndampatsa Ajira foni ndisananene mawu oipa ndili pa eda.

Koma za kukhosomolazo. Ankakhosomoladi akabwera mmawa, makhololo akuda. Ndinkawaphikira mandimu. Sindilemba zambiri pamenepa.

Loweruka, 12 Julaye

Ndinamutuma Ajira kuboma. Wabwera madzulo, mapazi fumbi lokhalokha, m'manja mulibe kanthu.

Akuti wazungulira msika wonse ndi mashopu onse a zitsulo. Wina anamufunsa kuti mantolo ndi mankhwala a matenda anji. Wina anaitana mnzake kuti adzaseke naye. Shopu ija tinkagulako kale, pafupi ndi mlatho, akuti pano akugulitsa mafoni ndi tizingwe totchajira. Mababu okhaokha, ena ngati chala, ena ngati dzungu, ena olankhula nyimbo. Nyali yoimba! Munthu ukufuna kuona kapena kuvina?

Wapezako palafini pang'ono pamalo omwetsera galimoto, atachita kupempha. Mtengo wake ngati mafuta onunkhira a mkwatibwi. Sipiriti wapeza kwa ometa tsitsi. Ndabisa zonse pansi pa bedi.

Ndikanapita ndekha ndikanapeza. Ndikudziwa kufunsa kwake. Sufunsa mnyamata wapakauntala, umafunsa nkhalamba yakhala kumbuyo pa mpando, imene imadziwa zili m'katoni yapansi. Koma ine eda. Miyendo ndili nayo, njira ndikuidziwa, chitseko chili chotsegula, ndipo sindingatuluke. Mulungu andikhululukire, lero ndinaima pakhomo nthawi yaitali.

Lolemba, 14 Julaye

Chipongwe china.

Mmawa kunadutsa anyamata ogula zitsulo zakale, ndi chimkuzamawu panjinga. Ndikusuzumira pazenera ndikuona mulu pabwalo. Simbi yanga ya makala, ija ya tambala pamwamba. Pulaimasi. Tochi yaitali ya Che Latif ya mabatire atatu. Wailesi yathu ya chikopa. Ajira ataima pambali, mnyamata akukweza simbi pasikelo ngati nsomba.

Ndinakuwa mpaka nkhuku kubalalika. Mwamuna wakunja sindiyenera kumulankhula, ndiye ndinakalipira khoma, iye anamva yekha. Anatsitsa n'kuthawa.

Ajira akuti amafuna malo pokhala alendo a arobaini. Akuti, “Zonsezi sizigwira ntchito, Amama.” Ndati nanenso sindigwira ntchito, undikweze pasikelopo.

Wailesi imeneyo. Mabatire ake akafooka tinkawayanika padzuwa pamwala ngati usipa, madzulo n'kulankhulanso pang'ono. Akafookeratu Che Latif ankawaluma m'mbali ndi mano. Ankatha mwezi tikuwanyengerera. Akatheratu ana ankawaswa, chakuda cham'kati n'kupakira bolodi la ku madrasa. Palibe chinkatayidwa. Lero batire akuti limadya dzuwa lokha zaka ndi zaka. Chabwino. Koma likafa ndani angalilume?

Masana kunabwera Lusiya. Mnzanga wa kale, anabwera ndi nkhondo ya kwawo ku Mozambiki ali mtsikana, sanabwererenso. Amagulitsa tomato pamsewu. Iye yekha ndiye amandiseka pamaso. Akuti, “Mwanabibi, ukasunga zonsezi tidzakuika nazo m'manda, ndipo manda ake adzakhala ngati sitolo.” Ndati iwe tidzakuika ndi tomato woola.

Ndamuuza za mantolo. Sanaseke. Tile ija inayaka pamaliro a mwana wake, akukumbuka. Akuti mlongo wake apita ku Mandimba Lachinayi, kutsidya kwa malire, mwina kumeneko zakale zikadalipo. Inshallah.

Lachitatu, 16 Julaye

Palibe.

Ine ndi Ajira mawu athu ndi madzi, mchere, chitseko. Madzulo amasiya kanyali ka sola kaja pakhomo la chipinda changa, kali koyaka. Ine ndimakavundikira ndi lichero. Mmawa amakachotsa. Madzulo kabweranso.

Liuma ili analitengera kwa bambo ake.

Loweruka, 19 Julaye

Lusiya wabwera ndi nkhope imene ndinaiwerenga asanakhale pansi. Ku Mandimba kulibe. Akuti kumenekonso ndi sola yokhayokha, mpaka mbuzi zikugona ndi babu m'khola.

Sabata imodzi yatsala.

Kenako watchula dzina limene m'nyumba muno silitchulidwa. Willard wa ku Chembe.

Ndilembe za munthu ameneyu kuti mtima utsike. Analinso siginala, wa khoka lina. Chaka china iye ndi Che Latif anakumana pamalo amodzi panyanja. Che Latif anali atasonkhanitsa usipa pansi pa nyali zawo, wochuluka, madzi kuchita kuwira. Willard anabwera mwakachetechete nyali zake atazichepetsa, atafika pafupi n'kuzipopa zonse mwakamodzi. Usipa wonse kutembenuka kumutsatira. Asodzi amadziwa, zimenezo ndi kuba, ngakhale palibe khoti lake. Khoka lathu linakoka madzi. Mwini khoka anawachotsa ntchito Che Latif nyengo yonseyo, ine ndili ndi pakati pa Ajira. Tinadya mphunga za udzu ndi chinangwa chopempha. Kuyambira pamenepo sanapatsanenso moni. Akakumana pa Monkey Bay wina ankayang'ana kunyanja, wina kuphiri.

Lusiya akuti Willard sataya kanthu, ngakhale msomali wopindika. Akuti, “Ngati kamantolo katsala m'dziko muno, kali m'chitini cha Willard.”

Ndati bola mdima. Nyali ya Che Latif iyake ndi nsalu ya wakuba?

Lusiya podzuka wati, “Ndiye usankhe, mnzanga. Mkwiyo wa amuna ako kapena mawu a amuna ako. Zonse ziwiri sungasunge.”

Apite ndi tomato wakeyo.

Lolemba, 21 Julaye

Bondo latupa.

Ndinadzuka kukatawaza ya subuhi, kusanayere. Koloboyi wanga ndinasiya kuyatsa, palafini ndikusungira tile. Ndinapunthwa pa lichero lomwe lija ndimavundikira sola. Lichero kugubuduka, kuwala kuti ngwee, ine ndili chagada pansi ngati kamba. Kanyali kosazima usiku wonse, kakundiyang'ana. Ndinakatukwana. Ndiyeno ndinatawaza ndi kuwala kwake komweko, poti kanali kayaka kale. Sindinakayatse ine. Zimenezi zidziwike.

Nditaswali ndinamva Ajira kukhitchini. Kulira kotsekera pakamwa ndi chitenje, kuti ndisamve. Ndinamva akuti, “Ababa, sindinadziwe.”

Adziwa bwanji? Anamuphunzitsa ndani? Bambo ake nyali ankakonzera kuseri, ana akayandikira n'kuwathamangitsa. Anaphunzitsa Sadik yekha, amene lero akuti tiikemo babu. Mwana wamkazi anangouzidwa kuti chilichonse chafumbi upukute. Wapukuta.

Ndamuitana. Ndati mawa ukwere minibasi ya ku Monkey Bay, ukatero njinga yamoto mpaka ku Chembe. Ukafunse Willard siginala. Ukanene kuti ndiwe mwana wa Latif wa ku Makawa. Usakagwade kwambiri. Akakana usakapemphe kawiri.

Ndamasula ndalama ya pa mpango imene ndimasungira mankhwala a miyendo. Miyendo idikire.

Che Latif, mundikhululukire. Munanena za tile, simunanene za kumene kamantolo kachokere.

Lachitatu, 23 Julaye

Wabwera. Anagona kwa azakhali ake ku Monkey Bay poti njinga zinatha.

Ndilembe mwa dongosolo monga wandifotokozera.

Choyamba, ku Chembe anaona matile. Ambiri! Ali pa loji ina ya alendo, apachikidwa m'khonde mwa mzere, opukutidwa mpaka kunyezimira. Mtima wake unadumpha. Atayandikira, m'kati monse mababu, waya kumbuyo. Nzeru za Sadik zomwe zija. Akuti eni loji anagula kwa asodzi kuti azungu azijambula. Nyali zimene zinalera ana a anthu, lero zangokhala ngati mitu ya nyama pakhoma.

Chachiwiri, Willard. Wakalamba, diso limodzi loyera. Ndipo ntchito yake pano? Kutchaja mabatire a asodzi! Mbale za sola denga lonse, mabatire ndandanda pakhonde ngati ana a sukulu. Wakuba uja anasintha msanga. Ndinadziwa.

Ajira atatchula dzina la bambo ake, akuti mkuluyo anavula chipewa. Za imfa anali asanamve. Analowa m'nyumba, kugubuduza zinthu, kutukwana mdzukulu, n'kutuluka ndi kachitini ka fodya. M'katimo, m'pepala lofiirira, kamantolo katsopano. Kofewa ngati silika, kachingwe kake kapinki kakadali pomwepo.

Ajira anatulutsa ndalama. Akuti anakalipa. “Bweza zimenezo. Ndili ndi ngongole ya usipa kwa bambo ako.”

Ngongole ya usipa! Nyengo yathunthu ya njala, kubweza ndi kansalu kolemera ngati nthenga. Ndipo sanalekere pomwepo. Akuti, “Ukawauze amayi ako kuti Latif ankapopa mopitirira, n'chifukwa ankamaliza mantolo. Asapope ngati akupopa njinga.”

Munthu ali m'manda, iye akumuphunzitsabe ntchito. Mwano wake sunakalambe.

Koma wamuonetsa Ajira kamangidwe kake, kubwereza mpaka manja azolowere, pogwiritsa kansanza ndi ulusi. Zimenezo wachita bwino. Ndalemba, ndisadzanenedwe kuti ndimabisa chabwino cha munthu.

Kachitini kagona pansi pa pilo.

Lachisanu, 25 Julaye, masana

Bwalo ladzaza. Miphika, nkhuni, mbuzi yamangidwa pa mango. Anyamata amangirira mababu a Sadik pamtengo, awonjezera ena obwereka. Ndawauzitsa kudzera mwa Ajira kuti asayatse mpaka ine ndinene.

Mmawa tinayesa pampu. Yofewa, yosagwira mpweya. Kachikopa kam'kati kauma. Ndinakumbuka Che Latif akukaviika m'mafuta ophikira n'kukatambasula ndi chala chachikulu. Zaka zonse ndinkangoonera pakona ya diso ndikusenda chinangwa, osadziwa kuti ndikuphunzira. Tachita chomwecho. Yagwira.

Woyatsa ndani? Ine panja pa amuna sindingaime. Lusiya akuti tiitane msodzi wakale aliyense. Ndakana. Anaswa ndi Ajira, ayatse ndi Ajira. Iye akuti akuopa. Ndati aope, bola amvere. Ayika tebulo kunja pansi pa zenera langa, ine ndizinena ndili m'kati.



Loweruka, 26 Julaye

Alendo adya, ambiri apita. Mutu ukulira. Koma ndilembe zisanazilale.

Dzulo pa magharibi, anthu ataswali. Ajira patebulo, ine kuseri kwa katani. Anamanga kamantolo bwino, mfundo ziwiri. Ndinati viika kachitsulo kopanira m'sipiriti, yatsa, pana pansi pake. Moto wabuluu kukwera. Kamantolo kugwira moto, kuda bii, kufota, utsi kununkha. Ajira kukuwa, “Amama, ndawotchanso! Ndaononganso!” Anafuna kuvula galasi kuti azimitse ndi manja.

Ndinaiwala kumuuza. Willard nayenso anaiwala. Katsopano kamayenera kupsa kaye, ndiye kubadwa kwake. Ndinatulutsa dzanja pazenera n'kumugwira mkono. Ndinati usakhudze, mwanawe, kamatero. Dikira. Tinadikira ndili chigwirire mkono wake. Moto wa sipiriti utatsala pang'ono kutha ndinati popa. Pang'ono. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu a Willard, usapope ngati njinga. Ndinati tsegula.

Phu!

Kenako mluzu uja. Sssss. Phokoso la m'nyumba mwanga la zaka zonse. Ndinakhala pabedi.

Anaipachika pa mango, pa nthambi yake yomwe ija. Nkhalamba zina zinati, “Tile ya Che Latif!” Ana anaizungulira kudabwa kuti nyali ikupuma. Ajira anandinong'oneza kuti kumapeto kwa mphasa kwakhala mkulu wa diso loyera, chipewa pabondo. Anabwera yekha, osaitanidwa. Ndinati mumpatse tiyi. Shuga pang'ono.

Tsono apa ndi pamene pandipweteka.

Ashehe anatsegula buku kuti ayambe Yasini. Nawonso ndi okalamba. Analiyandikitsa kumaso, kulitalikitsa, kutembenukira kunyali. Kenako anati, “Pepani eni nyumba, tayatsaniko magetsi aja, sindikuona.”

Magazi anandikwera. Pa arobaini ya siginala! Ndinakoka katani kuti ndione ndekha bodza lawolo.

Silinali bodza. Ine ndinkakumbuka tile ngati dzuwa, kuwala mpaka kumanda, mpaka kumsewu. Chimene ndinaona ndi kuwala kwachikasu kozungulira tsinde la mango, mphasa ziwiri basi. Kwinako anthu ali mumdima, ena atayatsa kale mafoni mobisa pansi pa mikanjo. Kaya ndi nyali yakalamba, kaya ndi maso athu anazolowera zina. Kaya inali choncho kuyambira kale, mdima ndiwo unali waukulu. Sindikudziwa.

Ajira anandiyang'ana pazenera. Sanasunthe. Akanaima pomwepo mpaka mawa ndikanapanda kunena. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anakanikiza batani. Bwalo lonse mbee, mpaka nyerere kuoneka. Tile inangotsala kadontho kachikasu m'masamba, ngati mango lakupsa. Ndinatseka katani ndi ukali. Ndinati basi, amuna anga awakwiriranso kachiwiri.

Ndinakhala mumdima wanga. Ashehe anawerenga bwino, osakakamira. Sikiri inayamba, amuna kuguguda pachifuwa. Ndipo pakati pa mawu, akamapuma, ndinkaumva. Sssss. Mababu onse aja ali duu ngati miyala, palibe limodzi lotulutsa mpweya. Yopuma inali imodzi yokha pabwalo lonse. Ikafooka ndinkamva wina akudzuka, pampu kulira pang'onopang'ono, mluzu kubwerera. Mmawa Ajira wandiuza kuti anali Willard. Palibe anamutuma. Anakhala pansi pake kuyiyang'anira mpaka palafini kutha.

Ndinati ndidzayatsa. Yayaka. Wina anene kuti siinayake.

Sadik waimba, akuti waona pa vidiyo, akuti zinali bwino poti mababu anathandiza. Ndati inde, anathandiza ashehe. Bambo ako anathandizidwa ndi mlongo wako.

Lolemba, 28 Julaye

Bwalo lasesedwa. Mwera waleka, mabwato alowa. Eda ikadalipo, yaitali.

Tile ili patebulo m'chipinda changa. Ajira anailowetsa akuyenda ngati wanyamula madzi odzaza m'mbale. Kamantolo kali bwinobwino, koyera, koima. Akuti tikasunge, mwina pa chaka tidzayatsanso. Palafini wake tidzamupeza kuti, woyang'anira adzakhala ndani, sananene. Ndipo adzakhala akuopa kupukuta m'chipinda muno mpaka ine kufa.

Ndinakhala nayo mmawa wonse. Kenako ndinavula chisoti cha tile, ndinavula galasi. Ndekha. Abiti Sefu, iyi si poto. Ndikudziwa, bambo.

Ndinakakhudza ndi chala ichi cholembera.

Palibe chimene ndinamva. Ngakhale kufunda, ngakhale kulasa. Kanangoti phwa, ufa woyera pa chala ngati wa m'mphero. Zaka zonsezi m'nyumba muno tinkayenda monyang'ama chifukwa cha kanthu kotere.

Ndamuitana Ajira, ndamuonetsa chala. Anatsegula pakamwa. Ndati tsopano taswa tonse, wina asalirenso kukhitchini. Ndati galasi ulitsuke, mkuwa uupukute mmene ungafunire. Koma wa sikelo akadzadutsa, kapena wa loji, kapena Sadik ndi kababu kake, udzandidziwa.

Dzuwa lapendeka, pazenera zilembo sizikuonekanso, ndipo ndikadali ndi zolemba za Willard ndi tiyi uja, akuti anadandaula shuga. Kanyali kaja kali pakhomo monga mwa masiku onse, koma lero Ajira sanakayatse. Lichero lili pomwepo.

Amati pokanikiza ndi pati? Pali timabatani tiwiri. Kupanga chinthu chopanda pampu, chopanda fungo, chopanda mawu, n'kuchiika mabatani awiri kuti nkhalamba ichite manyazi. Ajira ndisamufunse, angauze Sadik. Ndiyesa ka kumanzereka